Momwe mungapangire fanelo ya saikuloni ya chigayo kuti ufa usamathawire kunja

Denga la chigayo, makoma ndi mitengo ya kuseri zikayera mbuu ndi ufa, eni ake ambiri amathamangira kusintha sefa kapena kumanga thumba pa paipi ya pamwamba. Amayi odzagayitsa amadandaula kuti anabwera ndi ndowa yodzadza koma ufa wabwerera wochepa, ndipo woyendetsa chigayo amapuma fumbi tsiku lonse. Kawirikawiri vuto limakhala pa saikuloni, chitsulo chomwe chimalekanitsa ufa ndi mphepo yochokera ku fani ya chigayo, makamaka pa fanelo, gawo lake la m'munsi lomwe limanka licheperachepera. Fanelo zambiri zimadulidwa ndi maso, molingana ndi lata lomwe latsala kapena ndi kutalika kwa denga. Malangizo awa talembera amisiri owotcherera ndi eni zigayo a ku Dedza ndi ku Ntcheu amene akufuna fanelo yodulidwa ndi muyeso. Miyeso yake ndi yomwe katswiri wa masaikuloni dzina lake Stairmand anafalitsa mu 1951, ndipo chitsanzo chathu ndi saikuloni ya masentimita 40 kukula kwake modutsa pakati.

Zofunika kukhala nazo

- Lata losalala lachitsulo chakuda, la 244 cm ndi 122 cm, lochindikala 1.6 mm. La 1.2 mm limapindika msanga koma limabooka powotcherera ndiponso silichedwa kudyeka.
- Makatoni akuluakulu odulirapo chitsanzo.
- Tepi yoyezera, choko, msomali, ndi kathabwa kopyapyala kotalika 170 cm.
- Galayinda yokhala ndi chodulira ndi chosalazira.
- Makina owotcherera ndi ndodo za 2.0 mm, kapena za 2.5 mm ngati dzanja lanu ndi lopepuka.
- Hamala yamtengo kapena yamphira, ndi paipi yolimba yopindirapo.
- Matabwa awiri odulidwa mozungulira, lina la 40 cm, lina la 15 cm.
- Levulo ndi chingwe chomangirira kamwala kunsonga.
- Kapaipi kapulasitiki koonekera mkati, kotalika mamita awiri.
- Nsalu yolimba yoluka mothinana, magalasi a m'maso, ndi chophimba mphuno.

Lata lopakidwa zinki lipeweni. Utsi wake powotcherera umadwalitsa, ndipo pamsoko pomwe zinki yapsa pamachita dzimbiri lomwe limagwera mu ufa.

Zomwe mphepo imachita mkatimo

Musanadule chilichonse, gwirani mfundo iyi chifukwa miyeso yonse ikuchokera pamenepa. Mphepo yochokera ku fani imalowera m'mbali mwa mgolo, gawo la pamwamba lowongoka la saikuloni, n'kuyamba kuzungulira ngati kamvuluvulu, kutsika motsatira khoma. Ufa ndi wolemera kuposa mphepo, choncho umaponyedwa kukhoma n'kumatsetsereka. Mphepo ikafika m'munsi imatembenuka, n'kukwera podzera pakatikati mpaka kutulukira pa paipi ya pamwamba. Ndiye kuti muli mikondo iwiri: wa kunja wotsika ndi ufa, wa mkati wokwera wopanda ufa.

Mphepo ikamakhuzana ndi khoma, liwiro lake limachepa. Ntchito ya fanelo ndi kubwezera liwirolo. Malo ozungulirapo akamachepa mphepo imazungulira mofulumira, ndipo ufa wosalala kwambiri, womwe ukanathawa, umakankhidwirabe kukhoma. Koma kuchepako kuyenera kuchitika pang'onopang'ono. Mu saikuloni ya miyeso iyi, kamvuluvulu amafuna malo okwana pafupifupi kawiri ndi theka kukula kwa mgolo, kuyambira pamlomo wa paipi ya mkati (mbali ya paipi ya pamwamba yomwe imalowa mu mgolo) kupita pansi, kuti atembenuke yekha. Pa mgolo wa 40 cm, amenewo ndi masentimita 100. Fanelo ikafupika, mchira wa kamvuluvulu umafika pakhomo lotulukira ufa, n'kuyamba kutola ufa womwe unagwa kale ndi kukwera nawo.

Gawo loyamba: kupeza miyeso

1. Yezani paipi yochokera ku fani, mkati mwake modutsa pakati. Kukula kwa saikuloni kumachokera pa paipi imeneyi, osati pa saikuloni ya chigayo cha mnzanu. Paipi ya 10 cm imafuna mgolo wa 28 cm, ya 12.5 cm mgolo wa 35 cm, ya 15 cm mgolo wa 40 mpaka 42 cm. Cholinga n'chakuti khomo lolowera likhale ndi mpata wofanana ndi wa paipiyo, kuti mphepo izilowa pa liwiro la mamita 15 mpaka 20 pa sekondi.

Chenjezo: musaganize kuti saikuloni yaikulu imagwira ufa wambiri. Mgolo ukakula mopitirira mphamvu ya fani, mphepo imazungulira mwaulesi ndipo ufa wosalala umadutsa osafika kukhoma.

2. Lembani miyeso yonse pa pepala. Ya mgolo wa 40 cm ndi iyi: kutalika kwa mgolo 60 cm, kutalika kwa fanelo 100 cm, khomo la m'munsi lotulukira ufa 15 cm, khomo lolowera 20 cm msinkhu ndi 8 cm mulifupi, paipi ya pamwamba 20 cm kukula kwake, ndipo ilowe mkati 20 cm kapena kupitirira pang'ono. Ngati mgolo wanu ndi wina, chulukitsani kukula kwake ndi 1.5 kuti mupeze kutalika kwa mgolo, ndi 2.5 fanelo, ndi 0.375 khomo la m'munsi, ndi 0.5 ndi 0.2 khomo lolowera, ndi 0.5 paipi ya pamwamba.

Fanelo yotere khoma lake limapendekeka madigiri 7 okha. Mukaifupikitsa kufika 50 cm, kupendekekako kumafika madigiri 14, ndipo malo otembenukira mphepo amatsala 90 cm, osakwana 100 aja. Ya 30 cm ndiye imapyola madigiri 22: ufa umakhala pakhoma osatsetsereka bwino, mphepo n'kumaukokolola.

3. Yezani nyumba. Saikuloni yokha ndi 160 cm, pansi pake pafunika mita imodzi ya khosi (kapaipi kowongoka kunsi kwa fanelo), nsalu ndi ndowa, ndipo pamwamba pali paipi yotulukira. Nyumba zambiri za zigayo sizifika pamenepo, ndipo apa mpamene fanelo imadulidwa. Musaidule. Boolani denga kuti paipi ya pamwamba itulukire kunja, kapena kumbani pansi pomwe pamakhala ndowa n'kuwakapo ndi simenti. Zikakanika zonsezi, pangani masaikuloni awiri a 28 cm oima moyandikana, ogawana mphepo mofanana. Iliyonse imatalika 112 cm yokha.

Gawo lachiwiri: kujambula ndi kudula

4. Konzani kathabwa kojambulira. Boolani kabowo ka msomali kumapeto kwake, kenako mabowo awiri a choko: lina pa 60.5 cm, lina pa 161.2 cm kuchokera pa msomali. Pa mgolo wa kukula kwina, chulukitsani kukulako ndi 1.51 ndi 4.03. Musagwiritse chingwe m'malo mwa thabwa, chifukwa chingwe chimatamuka ndipo sentimita imodzi yolakwika pano imapotoza fanelo yonse.

5. Yambani pa katoni. Yalani katoni pansi posalala, jambulani mzere wowongoka pakati, khomani msomali pamzerewo, n'kujambula mauta awiri ndi mabowo aja. Pa uta waukulu, ikani chizindikiro mbali iyi ndi iyo ya mzere wa pakati, kuti kuchoka pa chizindikiro china kufika pa chinzake mowongoka pakhale 122.5 cm. Lumikizani zizindikirozo ndi msomali. Tsimikizani poyendetsa tepi motsatira uta: waukulu ukhale 125.7 cm, waung'ono 47.1 cm. Dulani katoniyo, ipindeni, muone ngati matabwa ozungulira aja akulowa bwino mbali zonse ziwiri.

6. Yalani zidutswa zonse pa lata musanayatse galayinda. Fanelo igone ndi mbali yake yotakata motsatira utali wa lata. Chidutswa cha mgolo, cha 125.7 cm ndi 60 cm, chimalowa pambali pa mbali yopyapyala ya fanelo, ndipo pamwamba pake pamatsala malo a chivundikiro ndi paipi. Mukayala motere lata limodzi limakwanira zigawo zikuluzikulu, khomo lolowera n'kuchokera pa zidutswa zina.

7. Musanadule, jambulani pa lata mizere 15 yochoka pa uta waukulu kuloza pomwe panali msomali, yotalikirana pafupifupi 7.9 cm pa uta waukuluwo. Imeneyi ndi mizere yopindira. Kenako dulani, n'kusalaza m'mphepete.

Gawo lachitatu: kupinda ndi kuwotcherera

8. Yambani kupinda m'mphepete mwa msoko, mbali zonse ziwiri, musanafike pakati. Mukayamba pakati, m'mphepetemo mumatsala mowongoka ndipo msoko umatuluka ngati msana. Gonekani lata pa paipi, mzere wopindira ugone motsatira paipiyo, n'kumakanikiza pang'onopang'ono. Dutsani mizere yonse katatu kapena kanayi, kupinda pang'ono ulendo uliwonse. Hamala yachitsulo isakhudze fanelo. Chibonyo chilichonse chimadumphitsa ufa kuchoka pakhoma kugwera mu mkondo wokwera uja.

9. Lowetsani matabwa ozungulira, kokani lata ndi waya kapena lamba mpaka milomo ikumane, n'kugwiriza ndi timadontho totalikirana 5 cm. Milomo ikumane mutu ndi mutu, isasanjikizane. Ngati simungachitire mwina koma kusanjikiza, mlomo wa mkati uloze komwe mphepo ikupita, kuti mphepo izitsika pa mlomowo osati kuwombana nawo. Yezani pakamwa pa fanelo modutsa pakati m'malo anayi. Kusiyana kusapitirire mamilimita atatu. Fanelo yophwatalala imagwedeza kamvuluvulu, ndipo mchira wake umamenya khoma mbali imodzi.

10. Wotcherani kunja, pang'onopang'ono, modumphadumpha kuti lata lisapotoke ndi kutentha. Mukamaliza pisani dzanja mkati. Paliponse pomwe chala chikukodwa, salazani. Mbali ya m'munsi, yomwe galayinda siifika, gwiritsani tupa kapena sandipepa womangirira ku ndodo. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, koma ndi m'munsimo momwe mikondo iwiri ija imayandikana kwambiri, choncho kachotupa kakang'ono kamawononga zambiri kumeneko kuposa mu mgolo.

11. Pindani mgolo ndi kuulumikiza ku fanelo. Ndi bwino kulumikiza ndi mikombero iwiri ya mabawuti yokhala ndi mphira pakati, kuti fanelo izimasulidwa potsuka ndiponso ikadyeka musinthe yokhayo. Polumikizirapo mkati pasakhale sitepe.

12. Ikani khomo lolowera. Khoma lake la kunja lipitirire mowongoka ndi khoma la mgolo, ndipo pamwamba pake pagunde chivundikiro. Mulifupi mwake ndi 8 cm pa chifukwa: mpata wa pakati pa mgolo ndi paipi ya mkati ndi 10 cm, ndiye khomo likapitirira pamenepo mphepo imawomba paipiyo m'malo mozungulira. Posinthira kuchoka pa paipi yozungulira kufika pa khomo la ngodya zinayi patalike 30 cm kapena kuposa, ndipo pasakhale chigongono pafupi ndi khomo.

13. Ikani paipi ya pamwamba pakatikati penipeni. Mlomo wake wa m'munsi ufike pamzere wa pansi pa khomo lolowera, kapena kupitirira ndi masentimita awiri mpaka asanu. Ikafupika, mphepo ya ufa imangolowa n'kutulukira pomwepo. Imikani saikuloni, tsitsani chingwe cha kamwala kuchokera pakati pa paipiyo. Kamwalako kadutse pakati pa khomo la m'munsi.

14. Wotcherani khosi lowongoka la 15 cm kukula ndi 25 cm kutalika kunsi kwa fanelo, lokhala ndi kamkombero komangirapo nsalu. Khosili limapatsa ufa malo odekha usanalowe mu nsalu.

Anthu ena amachepetsa khomo la m'munsi kufika 8 cm poganiza kuti akutseka mphepo. Ufa wa mphale umatsekeka pamenepo, n'kuunjikana mu fanelo mpaka kamvuluvulu ayambe kuukwapula. Ena amalikulitsa kufika 25 cm kuti ufa uzituluka msanga, ndipo pamenepo kamvuluvulu amatsika mpaka mu ndowa. Pa mgolo wa 40 cm khalani pakati pa 10 cm ndi 15 cm; pa chigayo chogaya mphale kawirikawiri, 15 cm ndiye woyenera.

Gawo lachinayi: kuimika ndi kuyesa

15. Imikani ndi levulo, pa miyendo yogwira mgolo. Musawotcherere zogwiriza pa fanelo, chifukwa kutentha kumakoka lata n'kusiya chotupa mkati. Mkati musapake penti. Tsukani mafuta a lata ndi sopo, umitsani, ndipo ufa woyamba kutuluka ukhale wa ziweto.

16. Mangani nsalu pa khosi mothina, yotalika 60 cm kapena kuposa. Ngakhale fani ikukankha mphepo, pakatikati pa kamvuluvulu pamakoka. Khomo la m'munsi likakhala pululu, mphepo ya kunja imalowera pakatipo n'kukwera ndi ufa womwe umatsika. Nsalu yokhala ndi ufa pang'ono kunsonga kwake imatseka njira imeneyi. Woyendetsa chigayo aphunzire kusiya kaufa kumapeto kwa nsalu posintha ndowa, osati kuikutumula yonse makina akuyenda.

17. Yezani mphamvu ya mphepo ndi madzi. Boolani kabowo ka 6 mm m'mbali mwa paipi, pafupi ndi khomo lolowera. Pindani kapaipi kapulasitiki ngati chilembo cha U, thirani madzi kufika theka, lowetsani nsonga imodzi pa kabowo osapitirira mkati, inayo ikhale yotseguka. Yatsani chigayo chopanda chimanga, nsalu itamangidwa kunsonga. Madzi a mbali ziwiri asiyane ndi masentimita 7 mpaka 13. Akachepera pa 5, mphepo ikuchepa: onani lamba ngati akuterereka, mapiko a fani ngati adyeka, injini ya dizilo ngati ikufika liwiro lake, kapena vomerezani kuti mgolo wakula. Akapyola 15, saikuloni yachepa kapena potulukira patsekeka, ndipo chigayo chiyamba kutentha ufa. Ku Dedza boma, komwe ndi pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mpweya ndi wopepukirapo, kotero makina omwewo amakankha madzi mocheperapo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi kunsi kwa phiri ku Mtakataka kapena ku Golomoti. Chimenecho si chilema. Mukamaliza tsekani kabowoko ndi bawuti.

18. Gayani makilogalamu 20 a chimanga chouma, yezani ufa wotuluka pa sikelo, n'kuyerekeza ndi zomwe saikuloni yakale inkatulutsa. Wina aime panja kuyang'ana paipi ya pamwamba moyang'anizana ndi mtengo kapena khoma lakuda. Kautsi kopyapyala n'kosapeweka, chifukwa saikuloni siigwira fumbi losalala kwambiri. Mtambo woyera wotuluka mwa apo ndi apo ukusonyeza kuti ufa ukutoledwa m'munsi.

19. Pakatha sabata, zimitsani makina, masulani fanelo muyang'ane mkati ndi tochi. Khomalo limanena zonse. Mizere ya ufa yozungulira motsika mofanana mbali zonse ndiye kuti zili bwino. Mkombero wonyezimira pamalo amodzi, ufa utaunjikana kunsi kwake, ndi pomwe mchira wa kamvuluvulu ukumenya khoma, ndipo pamenepo ndi pomwe padzabooke poyamba. Ufa womata mbali imodzi yokha ukusonyeza chibonyo, kupendama, kapena paipi ya mkati yosakhala pakati.

Nyengo yozizira

M'miyezi ya June ndi July, m'madera okwera monga Bembeke, Lizulu ndi Tsangano, lata limazizira kwambiri usiku. Mphepo yochokera mu chigayo ndi yofunda ndiponso ya chinyezi, makamaka pogaya mphale yonyika yomwe sinaumitsitse. Ikagunda khoma lozizira imasiya mame, ufa n'kumata, ndipo fanelo yomwe munaisalaza bwino imasanduka ya mabampu. M'mawa yendetsani chigayo chopanda kanthu kwa mphindi zisanu kuti lata lifunde, yambani ndi mgaiwa wa chimanga chouma, mphale ibwere dzuwa litakwera. Ngati saikuloni ili panja kapena mbali ina yatulukira padenga, ikulungeni ndi ziguduli zouma ndi kuiphimba kuti isavumbwe. Mphale yomwe ikumata mukaifinya m'manja ibwezeni ikayanikidwenso. Mwini wake akhoza kukhumudwa, koma ufa womata mu fanelo umachita nkhungu ndipo umagwera mu ufa wa anthu ena.

Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kumenya fanelo ndi chitsulo ufa ukamata. Ichi ndicho chimapha fanelo zambiri. Chibonyo chilichonse chimagwira ufa wina, ndiye kumenyako kumachuluka tsiku ndi tsiku. Menyani ndi chikhatho kapena chidutswa cha tayala pa mkombero wa mabawuti, kenako fufuzani chomwe chikumatitsa.

Kumanga thumba la pulasitiki loluka mothinana, kapena kathumba kakang'ono, pa paipi ya pamwamba. Mphepo ikasowa potulukira, yolowa imachepa, kuzungulira kumafooka, ndipo yotsalayo imatulukira m'munsi n'kumwaza ufa kumaso kwa odzagayitsa. Ngati mukufuna kugwira fumbi lotsala, ikani matumba ansalu aatali, awiri kapena atatu, ndipo muziwakutumula tsiku lililonse. Chisoti cha mvula nachonso chikhale pamwamba pa paipi ndi mpata wosachepera 15 cm.

Kuika chigamba mkati mwa fanelo. Mchenga wobwera ndi chimanga umadya gawo la m'munsi, ndipo likabooka chigamba chiikidwe kunja, mkati n'kusalazamo. Pakabooka kawiri, dulani gawo lonselo muike latsopano la kupendekeka komweko.

Kusintha pule ya fani kapena kukula kwa mota osayezanso. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepo yomwe mumayeza ndi madzi ija imawirikiza kanayi, ndipo mphepo yothamanga mopyola muyeso imakokolola ufa pakhoma. Mukasintha chilichonse pa fani, bwerezani muyeso wa madzi uja.

Kugwiritsa saikuloni imodzi pa chigayo ndi pa makina okonola. Gaga ndi wopepuka ndiponso wotakata, amatsekeka msanga pa khomo lopapatiza, ndipo mphepo ya makina awiriwa siifanana. Makina aliwonse akhale ndi yakeyake, yoyezedwa pa paipi yake.

Kuwotcherera saikuloni ili pamalo pake, ufa uli mkati. Fumbi la ufa louluka m'malo otsekeka limayaka mwadzidzidzi ndipo likhoza kuphulika. Zimitsani makina pa switchi yaikulu, masulani gawo lofunika kukonza, litulutseni panja, litsukeni ndi madzi, ndipo liume musanaliyandikize moto.